Chomwe Chinkamukhalira Twaibu Pachifuwa

Twaibu anali ndi mtima wapachala, ndipo ku Senga panalibe amene sankazidziwa. Msodzi anali wabwino, pamenepo tisamunamizire. Sankaopa nyanja, sankaumira, ndipo akakocheza ndi nsomba nkhalamba za pagombe sizinkabwerera chimanjamanja. Koma mkwiyo unkamufika msanga, nzeru n'kumabwera pambuyo zikupuma wefuwefu. Pofika chaka chimene ndikunenachi, njala ija ya 1949 itangodutsa kumene, munthuyu anali atamupatsa kale mkazi wake Zuleka talaka ziwiri.

Talaka ndi mawu amene mwamuna wa Chisilamu amanena posudzula mkazi. Yoyamba ndi yachiwiri zili ndi pobwerera: mwamuna mtima ukatsika angathe kumubweza mkaziyo isanathe eda, miyezi ija mkazi wosudzulidwa amakhala akudikira. Yachitatu ilibe pobwerera. Ikangotuluka m'kamwa, mkaziyo saloledwanso kwa iye, pokhapokha atakwatiwa ndi mwamuna wina, n'kukhala naye ukwati weniweni, ukwatiwo n'kudzatha wokha.

Mutamva zimene Twaibu anatayira ziwiri zoyambazo mukhoza kuseka. Yoyamba anainena chifukwa Zuleka anaseka kwambiri nthabwala za munthu wina wa panjinga wodzagula nsomba. Yachiwiri anainena chifukwa mkaziyo anabwereketsa nkhafi yake kwa mnansi osamuuza. Maulendo onse awiri kunamuchera ali pakhomo pa Shehe Abdulkarim, mtsogoleri wa mzikiti wa pagombepo, maso ali pansi, akupempha kuti amuthandize kubweza mkazi wake. Ulendo wachiwiriwo Shehe sanapsatire mawu.

"Twaibu, talaka si usipa woti uzingomwaza pamchenga. Watsala ndi imodzi."

Chomvetsa chisoni n'chakuti Zuleka ankamukonda mwamuna ameneyu, ndipo Twaibu naye ankamukonda Zuleka kuposa mmene pakamwa pake pankathera kunena. Anamutenga chitengwa kwa amalume ake, kufupi ndi boma la Salima. Anali mkazi wamfupi, woseka mokweza, wa khutu lakuthwa kwambiri. Ali kuseri kwa nyumba ankatha kudziwa kuti amene akubwera panjirayo ndi mwamuna wake, ndiponso ngati wapha nsomba kapena ayi, pongomva mapazi. Mwana anali asanaoneke m'nyumbamo, ndipo abale a Twaibu sankaiwala kumukumbutsa zimenezo.

Chaka chimenecho usipa unabwera wochuluka. Usipa amaupha usiku, mwezi ukakhala mumdima, poukopa ndi miuni ya udzu yoyatsidwa pabwato. Twaibu ankapalasa mpaka mbandakucha, kukocheza, kugawana nsomba ndi anzake, kusoka ukonde pomwe wang'ambika, ndiye dzuwa lili paliwombo n'kukadziponya pamphasa chagada osavula ndi malaya omwe. Tulo take tinali ta zidutswazidutswa, lero masana, mawa madzulo, mkuja osagona n'komwe.

Tsiku lina masana otero anadzidzimuka. Maso anatseguka bwinobwino. Ankaona mitengo ya denga yakuda ndi mwaye, ankaona kuwala kolowera pakhomo, ankamva nkhuku zikupalasa panja. Anati adzuke, thupi linakana. Anati asunthe ngakhale chala chimodzi, chalacho chinangokhala ngati cha munthu wina. Anafuna kuitana, lilime silinamvere. M'makutu munayamba kulira ngati mwalowa njuchi. Kenako pakhomo panaima chinthu chakuda, chachitali, chopanda nkhope. Chinasendera pang'onopang'ono, chinawerama, n'kumukhalira pachifuwa. Mpweya unkalowa wochepa zedi, mtima ukugunda ngati ufuna kutulukira kukhosi. Twaibu, amene anawolokapo mafunde a mwera akuimba nyimbo, anachita mantha ngati mwana.

Ndiye chinthu chija chinasanduka nkhope ya Zuleka. Anali atagwada pambali pake, dzanja lili pachifuwa cha mwamuna wake, milomo ikunong'ona. Nthawi yomweyo thupi linamasuka, ndipo Twaibu anadzambatuka thukuta lili kamukamu.

"Mumabuula," anatero Zuleka. "Ndakumvani ndili kuthandala ndikutembenuza usipa. Mumalota chiyani?"

"Sindimalota. Ndinali maso."

"Maso anali otsegula, inde. Koma munali ngati mulibemo."

Twaibu anapukuta thukuta. Anapempha madzi, anamwa, n'kutuluka panja.

Zinachitikanso sabata yomweyo, ndiponso yotsatirayo, mpaka anayamba kuiopa mphasa yake yomwe. Ndipo nthawi zonse zinkatha chimodzimodzi: chinthu chakuda, kulemera pachifuwa, kenako nkhope ya Zuleka ndi dzanja lake pamalo omwewo pamene pankalemera. Anapita kwa Shehe. Shehe anamuwerengera duwa, pemphero la Chisilamu, anamulembera mawu a m'Buku loyera la Chisilamu m'mbale kuti awasungunule ndi madzi amwe, n'kumuuza kuti azigona cham'mbali, kudzanja lamanja, monga chipembedzo chimaphunzitsira. Malangizo anali abwino, koma munthu wotopa sasankha magonedwe. Ankayamba cham'mbali, tulo tikamugwira n'kugwanso chagada.

Apa m'pamene nkhani inalowa m'manja mwa Tausi, mchemwali wake wamkulu wa Twaibu, mkazi amene sanamukondepo mlamu wake chilowereni m'mudzimo.

"Achimwene, zinthu izi si za Shehe," anatero. "Tiyeni tikafunse kumtunda."

Kumtundako kunali munthu woombeza maula. Twaibu anakana poyamba, poti n'zoletsedwa, koma mantha amayenda ndi munthu kumalo kumene sakanapita. Woombezayo anamvetsera nkhani yonse, anagwedeza zigoba zake, n'kufunsa funso limodzi lokha.

"Chikakusiya, umapeza ndani pafupi?"

"Mkazi wanga."

"Nthawi zonse?"

"Nthawi zonse."

Woombeza anangotambasula manja. Anthu amenewa ngochenjera, amakufunsa iwe, yankho lako lomwe n'kukubwezera ngati kuti lachokera kwa mizimu. Tausi anausa moyo mokweza kuti mchimwene wake amve, ndipo njira yonse yobwerera anakhala akuwerengera zizindikiro: kusabereka, kuseka kosadziwika chifukwa, makutu omva zimene ena sakumva.

Twaibu sanamufunse Zuleka kanthu. Akanafunsa mwina zikanatha pa mkangano wa m'nyumba. Anangoyamba kumuyang'ana mwakabisira, kusiya chakudya m'mbale, kugona atayang'ana kukhoma. Zuleka anaona zonsezi n'kumaganiza kuti ndi matenda aja akumusowetsa mtendere. Choncho anawonjezera chisamaliro. Mwamuna wake akagona masana sankapitanso kutali, ankakhala pakhonde akupeta mpunga, khutu lili m'nyumba.

Tsiku lomwe zinathera linali lotentha, lopanda ndi kamphepo komwe. Chinthu chija chinabwera, chinamukhalira, ndipo pamene thupi linamasuka Twaibu anagwira mkono wa Zuleka ukadali pachifuwa pake.

"Ndakugwira lero! Umanena chiyani pa ine?"

"Mukundipweteka. Ndimanena Bisimilahi, kutchula Mulungu, kenako dzina lanu."

"Bodza! Ndiwe amene umandikhalira. Ndimakuona ndi maso angawa ukulowa pakhomo uli wakuda bii!"

"Che Twaibu, ine ndimalowa mutayamba kale kubuula. Ndimadzakudzutsani."

Anamukokera panja. Anthu anali pamithunzi akusoka maukonde, ndipo anatukula mitu onse. Twaibu anakuwa kuti mkazi uyu ndi mfiti, kuti akufuna kumupha, kuti n'chifukwa chake m'nyumba mulibe mwana. Wina anathamanga kukaitana Shehe. Mkuluyo anabwera akupunthwa ndi mkanjo wake, akufuula akadali patali.

"Twaibu, tseka pakamwa! Tseka pakamwa, mwana iwe!"

Twaibu anamuona, anamumva, koma mkwiyo unali utafika kale. Ananena talaka pamaso pa anthu onse aja, momveka bwino, ndi dzina la mkaziyo lomwe. Shehe anaima pomwe anafikapo n'kugwira pamutu.

Zuleka sanakuwe. Analowa m'nyumba, anamanga nsalu zake ndi timiphika take tiwiri, n'kudikira pakhonde mpaka amalume ake atabwera kudzamutenga, poti eda sakanaikhalira pamudzi pamene ana anayamba kale kumuthawa. Ponyamuka anatembenuka, misozi ikutsika osaipukuta.

"Nanga tsopano azikudzutsani ndani?"

Tausi anawomba m'manja. "Mwamva? Akuopseza! Mwamva nonse!"

Ndipo zinaoneka ngati Tausi ankanena zoona, chifukwa Zuleka atangochoka chinthu chija chinasiya kubwera. Palibe amene anaganizira kuti sabata yomweyo mwera unali utayamba. Mphepo imeneyi ikakalipa mabwato amakhala pamtunda, ndipo Twaibu ankagona usiku wonse ngati munthu wina aliyense, atadzipinda cham'mbali chifukwa cha kuzizira. Ananenepa. Tausi ankayenda pagombe mutu uli m'mwamba. Koma Twaibu sankasangalala. M'nyumba munali zii, ndipo ankadzipeza akupondaponda mwamphamvu pofika pakhomo, monga ankachitira kale pofuna kuti wina amve kuti wabwera. Ankadziuza kuti akusowa mfiti, ndipo ankachita manyazi.

Mwera utatha anabwerera kunyanja usiku. Pasanapite nthawi chinthu chija chinaimanso pakhomo masana, chakuda ngati kale. Chinamukhalira. Anadikira kuti chisanduke nkhope ya Zuleka kuti chimusiye, koma sichinasanduke. Chinakhala, n'kukhalabe, mpaka chinachoka pa nthawi yake, iye atalira kale m'kati mwake kulira konse. Tausi anati mfitiyo ikutumiza mankhwala ili kutali. Twaibu anavomera ndi mutu, koma pansi pa mtima panali funso limene sanafune kuliyang'ana.

Chomwe chinamupititsa kuchipatala si chimenechi ayi. Mbedza inamulowa m'chikhatho, chilonda chinatukusira, dzanja linatupa mpaka sankatha kugwira nkhafi. Analawirira wapansi kupita ku boma asanagone, atachokera kunyanja komwe anangogwirira anzake muuni, ndipo anafika dzuwa litakwera. Anthu anali ambiri. Anakhala pabenchi pakhonde, kenako anatsamira, kenako anagona chagada, dzanja lotupa lili pamimba.

Chinamupeza pomwepo, pakati pa anthu. Anaona malata a khonde, anamva mwana akulira, thupi lili gwa. Chinabwera chakuda, chinawerama, chinamukhalira. Kenako chinasanduka nkhope ya mwamuna wa ndevu zometa, wovala zoyera, dzanja lili pachifuwa pake likumugwedeza.

"Bambo! Bambo, dzukani!"

Thupi linamasuka. Twaibu anakhala tsonga akuyang'ana dzanja la munthuyo. Munthuyu anali Yesaya, wothandizira dokotala, amene anthu ankangomutchula kuti adokotala. Anali Mkhristu wochokera kumtunda. Sanamuonepo Twaibu chibadwire, ndipo analibe chifukwa chilichonse chomulodzera.

"Munandikhalira ndinu?" anafunsa Twaibu.

Yesaya sanaseke. Anamulowetsa m'kachipinda, anayamba kutsuka chilonda, n'kumamufunsa uku akugwira ntchito. Zinayamba liti? Amagona nthawi yanji? Amagona bwanji? Pa nthawi ya mwera zinkachitika? Twaibu ankayankha, ndipo yankho lililonse linkamulemera kuposa linzake.

"Ndinaziona kunkhondo," anatero Yesaya. "Asilikali olondera usiku zinkawagwira kawirikawiri. Inenso zinandigwirapo ndikamagwira ntchito ya usiku. Taonani, ndikakufinyani apa mukumva kupweteka. Ululuwo wayenda bwanji kuchoka m'dzanja kukafika kumutu? Muli timitsempha tating'ono ngati ulusi, tochokera mu ubongo, totsika m'kati mwa fupa la msana, n'kumwazikana thupi lonse. Tina timanyamula uthenga kupita kumutu, tina timabweretsa lamulo. Mukafuna kukweza mkono, lamulo limatsika, mkono n'kukwera."

"Nanga bwanji wanga umakana?"

"Dikirani. Palinso mitsempha ina imene simuilamula inu. Mtima munauuzapo kuti ugunde? M'mimba munauzamo kuti mugaye chakudya? Thukuta mumaliitana? Imeneyo imagwira ntchito yokha, usana ndi usiku, ndipo siigona. Koma ya manja ndi miyendo, munthu akagona n'kuyamba kulota, ubongo umaimanga, monga mumamangira bwato pagombe kuti lisatengedwe. Zikanapanda kutero, mukalota mukupalasa bwenzi mukupalasadi pamphasa, mukumenya amene mwagona naye."

Yesaya anafinya mafinya. Twaibu sanamve n'komwe.

"Ndiye munthu akamagona mosokonekera, makamaka chagada, nthawi zina nzeru zimadzuka thupi likadali lomangidwa. Maso akuona nyumba, koma maloto sanathe, ndiye mumaona zonse ziwiri pamodzi. Mukufuna kukoka mpweya wambiri, chifuwa chikupumabe kapumidwe ka m'tulo, inu n'kumamva ngati wina wakukhalirani. Mantha n'kuthamangitsa mtima. Koma sizipha, bambo. Zimatha zokha."

"Nanga nkhope? Ndaona nkhope yanu."

"Mwaiona chifukwa ndinali pomwepo. Ndinamva mukubuula, ndinabwera, ndinakugwirani. Kugwirako kunakwera m'mitsempha n'kukadzutsa thupi lonse. Mankhwala ake enieni ndi amenewo, kugona mokwanira, kugona cham'mbali, ndi kukhala ndi munthu pafupi wodziwa kapumidwe kanu, woti akamva mwayamba azikugwirani n'kukutchulani dzina. Kunyumba kuli mayi?"

Twaibu anatsinzina, nkhope itakwinyika. Yesaya anaganiza kuti ndi ululu wa chilonda, anapepesa, n'kumanga bandeji mofatsa.

Madzulo a tsiku lomwelo Twaibu anali pakhomo pa Shehe Abdulkarim, kachitatu tsopano. Anafotokoza zonse. Shehe anamvetsera ndipo maso ake anadzaza misozi, chifukwa ndi iye amene anamanga ukwati umenewu.

"A Shehe, ndinanena ndili wonamizidwa. Sizingawerengedwe."

"Unali woledzera? Unali wamisala? Wina anakuika mpeni pakhosi?"

"Ayi."

"Unandimva ndikukuletsa?"

"Ndinakumvani."

"Madzi akatayika saoleka, mwana wanga. Ndilibe khomo loti ndikutsegulire."

Kenako Twaibu ananena chimene anabwera akuganiza njira yonse. Bwanji atapezeka munthu woti amukwatire Zuleka masiku ochepa chabe, n'kumusiya? Shehe anamuyang'ana mokwiya.

"Zimenezo n'zonyansa pamaso pa Allah, ndipo sindingazimange. Mkazi uja wamuchititsa manyazi okwanira."

M'mawa mwake anabwereranso ku boma, n'kupitirira mpaka kwa amalume ake a Zuleka. Anamupeza Zuleka kuseri kwa nyumba akuyanika chinangwa pamphasa. Anali ataonda. Sanatembenuke, koma manja ake anaima.

"Che Twaibu," anatero asanamuone. "Mwadwala? Mukuyenda ngati nkhalamba."

Twaibu anapereka salamu, anakhala pansi patali ndithu, monga amakhalira mlendo. Amalume anakhala pakhonde poti aziwaona. Twaibu anafotokoza za benchi ya kuchipatala, za dzanja la Yesaya, za mitsempha yomangidwa ndi ina yosagona. Anafotokoza mosokoneza, akubwerezabwereza, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiraneni anamutchula mkaziyo kuti inu.

"Inu munkandidzutsa. Ndadziwa tsopano. Pepani."

Zuleka anapitiriza kuyala chinangwa, misozi ikugwera pamphasa.

"Ndinakuuzani zomwezo. Mitsempha sindinkaidziwa, koma ndinakuuzani kuti ndimalowa mutayamba kale kubuula. Panafunika mwamuna wovala zoyera kuti mumve?"

"Ndinalakwa."

"Ndinkasiya usipa ukupserera pathandala. Kumadzi ndinkapita chothamanga kuti chisakupezeni muli nokha. Mukanandimenya ndikanati ndi mkwiyo wanu uja, ndinauzolowera. Koma munandipatsa dzina, Che Twaibu, ndipo dzinalo linafika kuno ine ndisanafike. Amayi a pano salola kuti ndinyamule ana awo. Kuchitsime ndikafika nkhani zimatha."

Twaibu analira poyera, munthu wamkulu, pamaso pa amalume. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo iye ankadziwa. Anafunsa ngati pali chilichonse chimene angachite, chilichonse.

Zuleka anapukuta manja pansalu yake.

"Chilipo. Pali munthu wandifunsira. Dzina lake ndi Mustafa, telala uja amasoka pakhonde la sitolo pafupi ndi siteshoni. Mkazi wake anamwalira. Ndi munthu wofatsa. Iye alibe nazo ntchito zonenanena, koma abale ake akukana. Akuti sangalowetse mfiti m'nyumba muli ana amasiye."

"Ndiye ine nditani?"

"Anthu amenewa amaswali mumzikiti wa pa boma. Mukaime Lachisanu, mukanene zimene mwandiuzazi. Dzinali munandipatsa ndinu. Wina aliyense akalichotsa sakhulupirira."

Twaibu anamva ngati chinthu chija chamukhaliranso, ali maso, dzuwa likuswa mtengo. Koma mtima wa munthu ndi wopusa, unapezabe kachiyembekezo, ndipo iye anakanena.

"Mukakwatiwa, ndiye tsiku lina ukwatiwo utati watha, lamulo limalola kuti…"

"Ayi," anatero Zuleka, mosakweza mawu. "Ine ndikalowa m'nyumba ya munthu sindilowa kuti ndidzatuluke. Kwa inunso sindinatuluke ndekha."

Twaibu anabwerera ku Senga osaona njira. Masiku otsalawo sanapite kunyanja. Akanangokhala chete, abale a Mustafa akanakanabe, Zuleka akanakhala kwa amalume ake wopanda mwamuna, ndipo iye akanamadziuza kuti sanathere kwa wina. Maganizo amenewa anamubwerera kambirimbiri, ndipo sanali onyansa kwa iye nthawi zonse. Tausi atamva zimene akufuna kuchita anati akadzichotsa ulemu pamaso pa anthu a pa boma chifukwa cha mkazi woti si wakenso. Twaibu anamuyang'ana mchemwali wakeyo nthawi yaitali. Aliyense ankadikira kuti akalipe, koma iye anangotembenuka n'kulowa m'nyumba.

Lachisanu anavala mkanjo wake woyera, ndipo Shehe Abdulkarim anamuperekeza ngakhale miyendo inkamuvuta. Swala ya Ijumaa itatha, anthu asanayambe kufunafuna nsapato zawo, Shehe anapempha kuti amve mlendo. Twaibu anaimirira, dzanja lili m'bandeji. Ananena dzina lake ndi la bambo ake. Ananena kuti iye ndi amene anamutchula Zuleka kuti mfiti, kuti linali bodza, kuti matenda anali m'thupi mwake momwe ndipo akadali nawo mpaka lero mkaziyo kulibe. Anati amene akukayika akafunse kuchipatala. Kenako anapitiriza.

"Mkazi ameneyu ankandisamala kuposa mmene ndinkayenera. Amene amutenge watenga munthu. Ana ake adzagona bwino, chifukwa mwana akangosintha kapumidwe mkaziyu adzamva ali panja."

Chakumbuyo, mwamuna wina wowonda wa maso ofatsa anaweramitsa mutu, ndipo Twaibu anadziwa kuti Mustafa ndi ameneyo.

Panja, mkulu wina wa imvi anamutsatira n'kumugwira dzanja labwinolo ndi manja onse awiri. Anati ndi amalume ake a Mustafa.

"Mwalankhula ngati Msilamu, bambo. Mwatichotsa chikayiko. Ndiye basi, timanga sabata ya mawa." Anamwetulira, poti mkuluyu mumtima mwake munalibe choipa chilichonse. "Paja akuti ndinu msodzi wa ku Senga? Kuno chambo chabwino chikusowa. Simungatipezereko cha paukwati?"

Shehe anafuna kuyankha m'malo mwake, koma Twaibu anamutsogolera.

"Ndidzabweretsa."

Ndipo anabweretsadi. Anatchera yekha ndi dzanja limodzi, anasankha zikuluzikulu zokhazokha, anazisenza pamutu kuchoka ku Senga. Atayandikira kwa amalume ake a Zuleka anamva nthungululu ndi amayi akuimba kuseri. Anavula nsapato n'kuyenda monyang'ama pamchenga kuti Zuleka asamve mapazi ake. Anatula dengu pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo, anauza mayi wina wodutsa kuti nsomba za paukwati ndi izo, n'kubwerera asanamufunse dzina.